Chitchaina ndi Chidatchi zagawanitsa tauni

Ku Area 25 nkhani ya mitengo ya feteleza yayamba yapuma kaye. Achinyamata awiri a mumsewu umodzi apeza mwayi wa sukulu kunja: mnyamata akupita ku Wuhan, ku China, kukaphunzira za zomangamanga, pamene mtsikana akupita ku Wageningen, ku Netherlands, kukazama pa za ulimi. Makolo awo ali phee, akungothamanga ndi za mapasipoti. Amene akusowa tulo ndi anansi, ndipo funso lawo ndi limodzi: mwa awiriwa, adzapindike lilime ndani?

Woyamba kugamula mlandu anali wometa wa pamsika. Iye Chitchaina amachidziwa, akutero, poti wakula akuonera Jackie Chan. "Mulibe mawu m'menemo, achimwene, ndi kukuwa basi. Ukakwiya kwambiri ndiye kuti walankhula bwino." Wina pabenchi adamukumbutsa kuti mafilimu amene amaonerawo adachita kuwamasulira anyamata akonkuno, moti Jackie Chan amene iye amamudziwa amalankhula za ku Ndirande. Komanso mafilimu ambiri akale a ku Hong Kong ali m'Chikantoni, chiyankhulo cha kummwera, pomwe mnyamata wathuyu akukakumana ndi Chimandarini, cha boma ndi sukulu. Ziwirizi pakamwa sizimvana, ngakhale papepala zimagawana zilembo. Wometa adangopukusa mutu, nkuti zonsezo ndi Chitchaina basi, weramani ndikumalizeni kumbuyoku.

Amene adabweretsa umboni weniweni ndi amayi ena a geni ya zovala, omwe amakapikula katundu ku Guangzhou. Iwo akuti vuto la Chitchaina si mawu, ndi nyimbo yake. Chimandarini chili ndi kamvekedwe kanayi, ndipo phatikizo limodzi lomwelo limasintha tanthauzo malinga ndi mmene waliyimbira. Ma ukamutchula pamwamba mosatsika, waitana mayi. Ukamukweza ngati ukufunsa, wanena chomera chopangira zingwe, chachibale ndi chamba. Ukatsika nkukweranso, ndi hatchi. Ukamugwetsa mwamphamvu, ndi kukalipa. Pabenchi padabuka phwete, wina nkuti ndiye kuti ku China maukwati ambiri amathera pa moni, poti mkamwini akangophonya pang'ono waitana mayi a mwini kuti hatchi.

Koma chomwe chimawaopsa amayiwa ndi china. Kugula ndi mai, kugulitsa ndi mai, kungosiyana kuti woyambayo amatsika nkukwera, wachiwiriyo amangogwa. Munthu wa geni angagone tulo ndi chiyankhulo chotere?

"Nanga inuyo mumatha bwanji, amayi?"

"Kakyuleta, mwana wanga. Iye alemba nambala, ine ndifufuta nkulemba yanga, iye agwira kumutu, ine ndiyamba kutuluka, iye andikoka chikwama." Mawu amene adawaloweza ndi atatu okha: ni hao pa moni, duoshao qian pofunsa mtengo, ndi tai gui le, kutanthauza kuti zadula kwambiri. Achitatuwa akuti amawayimba bwino kuposa Atchaina eni ake.

Apa ndi pomwe aphunzitsi ena opuma, omwe amabwera kudzawerenga nyuzipepala ya wometa osameta, adatsitsa magalasi. Adati tisamaseke anzathu, chifukwa ifenso timayimba, kungoti sitidzimva. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba chimodzimodzi koma sititchula chimodzimodzi. Khungu la pathupi si khungu la m'maso. Ndipo munthu akati "ndimapita ku Dedza", khutu lokha ndilo limadziwa ngati akunena chizolowezi chake cha masiku onse kapena ulendo womwe anali nawo m'mawa uja. Akatswiri ngati Pulofesa Al Mtenje akhala akulemba za kamvekedwe ka Chichewa kwa zaka zambiri. Ndiye Mchewa, adatero aphunzitsi, amalowa m'kalasi ya Chitchaina khutu lake lili lotsegula kale.

Ine ndikuvomera, koma asakokomeze. Ife liwu timangolikweza kapena kulitsitsa. Atchaina amalikhotetsa mkati mwa phatikizo limodzi, ndipo imeneyo ndi ntchito ina. Pomwe tili ndi mwayi weniweni ndi pa mpweya. Amene amasiyanitsa pala ndi phala, kapena kula ndi khula, wapeza kale chinsinsi chomwe chimazunza anthu ambiri a ku Ulaya, chifukwa zomwe Atchaina amalemba b ndi p, kapena g ndi k, m'malembo achiroma zimasiyana pa mpweya womwewo. Komanso pafupifupi mawu awo onse amathera pa lembo la liwu, pa n, kapena pa ng. Kamwa lathu, lomwe silikonda kutseka mawu mwadzidzidzi, limapumako.

Chidatchi ndiye chilibe chifundo chotero. Nkhani yake idakambidwa kwambiri ku shoo ya mpira, komwe aliyense ali ndi Mdatchi wake: a Liverpool ali ndi Virgil van Dijk, a Manchester United sadaiwale Louis van Gaal, ndipo achikulire akadatamabe Ruud Gullit. Bambo wina yemwe adagwirapo ntchito pa kampani ina ya mbewu pansi pa bwana wachidatchi adatiuza kuti mayina onsewa timawapha. Gullit si Guliti, Van Gaal si Vani Galo. G wachidatchi amatuluka pakhosi, mokanda. "Tsiku loyamba abwana atandipatsa moni wa m'mawa, goedemorgen, ndidathamangira madzi. Ndinkaona ngati atsamwa minga ya chambo." Akuti kummwera kwa dzikolo ndi ku Belgium g ameneyu ndi wofewerapo, koma cha ku Amsterdam ndi Rotterdam amakanda ndithu. Pali nkhani yomwe Adatchi amakonda kukamba, yoti pa nkhondo yachiwiri ankagwira akazitape a ku Germany powauza kuti atchule dzina la tauni ya kunyanja ya Scheveningen. Anyamata a ku shoo adayesa mmodzimmodzi. Onse akadagwidwa.

Onjezani pamenepo malembo opanda liwu omwe amangounjikana. Nyengo yoyoyoka masamba amati herfst: lembo la liwu limodzi, kenako anayi ondondozana opanda popumira. Mmalawi akawagwira mawu amenewa amatuluka ali herefusiti, ndipo mwini wake sawazindikiranso.

Pofika apa a mbali ya China anali patsogolo, ndipo aphunzitsi aja adawawonjezera zigoli. Mneni wa Chitchaina sasintha. Chi ndi kudya, kaya adya ndine, kaya ndi inu, kaya ndi dzulo, kaya ndi mawa. Umangoikapo mawu oti dzulo kapena mawa, mwina ndi kamawu kena kakang'ono, basi. Ife amene timanyamula chiganizo chonse m'mawu amodzi, ngati sindikanamuphikiranso, tingadandaule chiyani? Mayina ambiri sasinthanso pochulukitsa. Chovuta chilipo chimodzi: powerenga zinthu, pakati pa nambala ndi dzina pamalowa kamawu kosonyeza gulu. Mabuku ali ndi kawo, ben. Zinthu zafulati monga pepala ndi tebulo zili ndi zhang. Zazitali zowonda zili ndi tiao, ndipo m'gulu limeneli muli nsomba, msewu, mtsinje ndi buluku. Aphunzitsi adati zimenezi zisaopse mwana amene adakhoza magulu a mayina ku pulayimale. Wometa adafunsa kuti nsomba ndi buluku zidakumana kuti. Palibe adayankha.

Chidatchi chili ndi timawu tiwiri, de ndi het, toyambira dzina lililonse, ndipo pa mayina ambiri palibe lamulo lokuuza kuti apa ndi kati. Umaloweza dzina pamodzi ndi kamawu kake. Supuni ndi de lepel, foloko ndi de vork, koma mpeni womwe uli nazo m'dirowa imodzi ndi het mes. Bambo ndi de, mayi ndi de, koma mtsikana ndi het meisje, gulu limodzi ndi nyumba. Amayi a ku saluni atamva izi sadakondwe. Chifukwa chake n'chakuti dzina lililonse lochepetsedwa limagwera ku het, ndipo Adatchi amachepetsa chilichonse poikako je kumapeto, monga ife timachitira ndi ka ndi ti. Kapu ya khofi kwa iwo ndi kopje, kakapu. Mowa ndi biertje, kamowa. Kubala nkhani imeneyi idalandiridwa ndi manja awiri. Mtundu womwe umadziwa kunena kuti "kamodzi kokha" pomwe ukufuna kukhala mpaka usiku, adatero wina, ndi abale athu.

Mneni wawo ndiye amachita zodabwitsa. Ena amaduka pakati, mutu nkukhala koyambirira, mchira nkukagwera kumapeto kwa chiganizo. Kuimba foni ndi opbellen, koma pofuna kunena kuti ndikuimbira mawa amati ik bel je morgen op, ka op kaja kali kumchira. M'ziganizo zina aneni onse amakasonkhana kothera, moti sungadziwe ngati munthu akukupatsa kapena akukulanda mpaka atamaliza. Amfumu ena akuti chiyankhulo chimenechi chikanathandiza pabwalo la milandu, poti palibe angamudule mnzake pakamwa.

Makondakitala adafunsa za nambala, ndipo adamva zowawa. Mdatchi 21 amaitchula eenentwintig, chimodzi ndi makumi awiri, kuyambira kumbuyo. Ukamva "zisanu ndi..." usathamangire kulemba 5, dikira. Pa nthawi ndiye pali msampha: half drie si hafu pasiti 3, ndi 2:30, chifukwa iwo amawerenga theka lopita ku ola likubweralo. Mtsikana wathu akadzamva mwachingerezi adzafika mochedwa ndi ola lathunthu, m'dziko lomwe ngakhale kukacheza kwa mnzako umayamba walembetsa tsiku. Wina adati ola limodzi lokha si kuchedwa kumeneko, ku ukwati wa mlongo wake anthu adafika m'ma 4 pa khadi lolemba 1 koloko.

Chitchaina pa nambala chimayenda ngati Chichewa cha agogo: 11 ndi khumi-chimodzi, 20 ndi awiri-khumi. Miyezi ilibe mayina, ndi mwezi woyamba, wachiwiri, mpaka wa 12. Masiku ambiri a sabata nawonso ndi manambala, ndipo ena amagwirizana ndi athu ndendende: xingqi er, tsiku lachiwiri, ndi Lachiwiri lathu lomweli, xingqi wu ndi Lachisanu. Amayi a geni aja adangochenjeza chimodzi, kuti Atchaina ndalama zikuluzikulu amaziwerenga m'magulu a 10,000, omwe amati wan, kotero 100,000 kwa iwo ndi ma wan khumi. Kakyuleta isachoke m'manja.

Kenaka mnyamata wokonza mafoni adafunsa mwaulemu kuti kodi akuluakulu mwaiwala kulemba? Iye Chitchaina amakumana nacho foni ikabwerera ku chiyankhulo cha kufakitale, ndipo amapulumukira pa kachithunzi ka giya ndi kuwerenga mizere ndi chala. Apa a mbali ya China adakhala chete. Chitchaina chilibe alifabeti. Chilembo chilichonse chimaimira phatikizo lokhala ndi tanthauzo, ndipo umayenera kuloweza maonekedwe ake, katchulidwe kake, ndi dongosolo la mizere yake polemba. Mndandanda womwe boma la China lidatulutsa mu 2013 uli ndi zilembo 8,105, ndipo 3,500 mwa izo ndi za tsiku ndi tsiku, zomwe mwana amayenera kudziwa pomaliza sukulu yokakamiza. Mdatchi ali ndi malembo 26 omwe tili nawo kale m'manja. Zoona, mu 1958 China idavomereza pinyin, njira yolembera katchulidwe m'malembo achiroma, ndipo lero ambiri pafoni amalemba pinyin nkusankha chilembo chomwe chatuluka, mpaka eni ake amadandaula kuti akagwira cholembera dzanja limaiwala. Koma nyuzipepala, zikwangwani ndi mayeso zili m'zilembo zomwe zija. Mkulu amene adatsogolera ntchito ya pinyin, Zhou Youguang, adamwalira mu 2017 ali ndi zaka 111, ndipo wometa akuti zaka zimenezo ndi zomwe zimafunika kuti munthu amalize silabasi.

Wina adabwera ndi chiwerengero cha sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America: Chidatchi masabata 24, Chimandarini masabata 88. A mbali ya Netherlands, kapena kuti Holland, adaomba m'manja. Aphunzitsi adati dikirani, muyeso umenewo adayezera anthu obadwa ndi Chingerezi, chomwe ndi chachibale ndi Chidatchi. Madzi ndi water, buku ndi boek, mkaka ndi melk, nsomba ndi vis. Kwa ife Chidatchi chimafupika kokha chifukwa tidadutsa ku Chingerezi cha kusukulu. Agogo a kumudzi amene sadapite ku sukulu mutawapatsa ziwirizi pakamwa pokha, popanda cholembera, ine ndalama yanga ndingaike pa Chitchaina.

Lamulungu nkhani idafika pakhonde la tchalitchi, ndipo mkulu wa mpingo wina wa Sinodi ya Nkhoma adati mkangano wonsewu ndi wachibwana. "Ife a Dachi tidayamba kale nawo anthu amenewa." Adawerenga pamtima: 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok afika ku Mvera, 1896 Nkhoma, 1922 Buku Lopatulika lomwe W.H. Murray adatsogolera kumasulira. Mnzawo wa Chikatolika, yemwe amasewera naye bawo, adati zonsezo nzoona koma anthu amenewo sadachokere ku Holland, adachokera ku Cape, ku South Africa. Adatchi enieni a ku Holland, iye akuti, anali mwa ansembe a chipani cha Montfort, monga Matthew Schoffeleers amene adalemba za Mbona wa ku Nsanje. Mkulu wa mpingo adabweza ndi dzina la Steven Paas, Mdatchi wa ku Netherlands amene adaphunzitsa ku Zomba Theological College nkusonkhanitsa dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi. Adagwirizana kuti ndi dulowo.

Chomwe chidakula ku Cape kuchokera ku Chidatchi ndi Afrikaans, chomwe a ku Joni amati Chibunu, ndipo boma la kumeneko lidachivomereza mu 1925. Icho chidataya katundu wolemera yense: de ndi het zidasanduka die mmodzi, ndipo mneni adasiya kusintha, ek is, jy is, hy is. Aphunzitsi akuti Chidatchi chitangopsa ndi dzuwa la kuno chidayamba kufanana ndi Chitchaina. Agogo ena amene adapita ku migodi pa Theba adamvetsera zonsezi nkuti ana inu mukufunafuna Chidatchi ku Ulaya pomwe mwachivala. Buluku ndi broek, ndipo ku Amsterdam mpaka lero amati broek. Basopu wa kapitawo wa mumgodi ndi pas op, chenjera. Adafuna kupitiriza ndi mawu aja othamangitsira galu, oyamba ndi fu, koma mkulu wa mpingo adawakumbutsa pomwe adaima.

Ku tiirumu ya pa depoti nako kudatuluka nkhani yokoma, kuchokera kwa wophunzira wina wa mbiri yakale. Tiyi amene tikumwayu, akuti, dzina lake ndi Chitchaina chomwe chidakwera sitima ya Adatchi. Ku Fujian, cha ku doko la Xiamen, masambawa amati te. Amalonda achidatchi, omwe adayamba kutengera tiyi ku Ulaya cha m'ma 1610, adati thee, Angerezi nkutolera kwa iwo, ife nkutolera kwa Angerezi. Kwina ku China amati cha, ndipo limeneli lidayenda njira zina: Aswahili amati chai, Apwitikizi amati chá, moti ukangodumpha malire pa Dedza kulowa ku Angonia, tiyi wasintha dzina. Mitundu iwiriyi idapatsana mayina ambiri. Lalanje Adatchi amati sinaasappel, apozi wa ku China; nsawawa zina zodya ndi makoko omwe Atchaina amati helan dou, nyemba za ku Holland. Adatchi adalamulirapo mbali ya chilumba cha Taiwan kuyambira 1624 mpaka mtsogoleri wachitchaina Zheng Chenggong atawathamangitsa mu 1662, Taiwan yomweyi yomwe idatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu tisanatembenukire ku Beijing kumapeto kwa 2007. Ndipo ku Suriname, komwe Atchaina adayamba kufika mu 1853, mungapeze zidzukulu zawo zikulankhula Chidatchi ngati chobadwa nacho. Komabe Mdatchi akamva zinthu zosamveka amati kwa iye chimenecho ndi Chitchaina.

Ankhoswe nawo ali ndi mbali yawo, ndipo agwera ku China onse. Mtchaina amasiyanitsa malume, jiujiu, ndi abambo aakulu, bobo, ndi abambo aang'ono, shushu. Mkulu wako ndi gege, mng'ono wako ndi didi. Mdatchi onsewa amawathira m'thumba limodzi: oom ndi malume komanso mchimwene wa bambo ako, ndipo neef ndi msuweni komanso mwana wa mlongo wako. "Ndiye chinkhoswe amayendetsa bwanji?" adafunsa wina mwankhawa zenizeni. Ulemu wa inu ndi iwe uliko konsekonse, nin ndi ni ku China, u ndi jij ku Holland, kungoti Adatchi ambiri a lero makolo awo amawauza jij, ndipo bwana amamutchula dzina lake loyamba. Bambo wa kampani ya mbewu uja akuti bwana wake adamuchonderera kwa miyezi kuti asiye kunena kuti bwana, iye nkumayankha kuti chabwino bwana.

Bambo yemweyu ndiye adanena chomwe ine ndikuona kuti ndi vuto lalikulu la Chidatchi, kuposa g ndi het. Adatchi sakupatsa mpata wochiphunzira. Ukangoyamba kukanda pakhosi, iwo amakumvera chisoni nkuyankha m'Chingerezi chosalala. Ku Wageningen maphunziro a digiri yachiwiri ali m'Chingerezi, ndiye munthu atha kubwerako ndi satifiketi, njinga m'maloto, ndi mawu awiri okha, lekker ndi gratis, chokoma ndi chaulere. Ku China kulibe kothawira kotere: ambiri opita pa maphunziro a m'Chitchaina amayamba ndi chaka cha chiyankhulo chokha ndi mayeso ake otchedwa HSK, ndipo woyendetsa takisi sakusinthira chiyankhulo. Chovutacho n'chomwe munthu amabwera nacho kumudzi.

Mu minibasi ya ku Area 25 funso lidasanduka la ndalama, monga mwa nthawi zonse. Obadwa ndi Chimandarini amaposa 900 miliyoni. Obadwa ndi Chidatchi, kuphatikiza a ku Belgium ndi Suriname, ali cha m'ma 25 miliyoni, osatalikirana kwenikweni ndi chiwerengero cha Amalawi. Nyumba ya Malamulo, bwalo la Bingu ndi msewu wa Karonga–Chitipa zidamangidwa ndi makampani a ku China, ndipo pa ntchito zotere womasulira sagona ndi njala. Ku Yunivesite ya Malawi kuli Confucius Institute yophunzitsa Chitchaina. Sukulu ya Chidatchi palibe mu minibasimo adatha kuiloza. Mayi wina adati ndiye ana athu ayambe msanga, tisadzapezeke tikugulitsidwa tili pomwepo. Kondakitala, ali pakhomo ndi ndalama zopinda pakati pa zala, adati asavutike, amayi, chifukwa Atchaina a m'mashopu a ku Malangalanga adayamba kale kuphunzira Chichewa, ndipo wa shopu yomwe iye amagulako matochi mawu oti "ngongole ayi" amawatchula ndi kamvekedwe kolondola.